NDODO ISAGWE PANSI

Chaka ndi chaka, mayeso a Sitandade 8 akatha, sukulu iliyonse ya pulayimale m'boma la Ntcheu itaya ana ake aakulu. Ena asankhidwa kupita ku sekondale, ena abwerera kumudzi kukalima mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo ena apita ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukafuna ntchito. Chimenechi si chachilendo ayi, pakuti mwana salowa sukulu kuti akakalambire komweko.

Koma pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakaona. Ana amene achokawo ndi omwe aja anali kutsogolera anzawo m'magulu a pa sukulu. Ndiwo anali kuliza wenzulo wa Masikauti, kuyambitsa nyimbo m'kwaya, kusunga makiyi a nyumba ya makasu, ndi kuleretsa ana aang'ono akayambana. Tsiku limodzi lokha atsogoleri onse achoka pamodzi, ndipo otsalawo angoyang'anana.

Pa masukulu ena gulu lifa chaka chomwecho. Pa masukulu ena gulu likhalabe lamoyo, ndipo lipitirira kukula. Kusiyana kumeneku sikuchokera ku ndalama, kapena ku kukongola kwa nyumba za sukulu. Kuchokera ku chinthu chimodzi: kodi mtsogoleri wakale adaphunzitsa wolowa m'malo mwake asanachoke? Pakuti ubwino wa mtsogoleri suoneka bwino iye alipo. Uoneka iye atachoka.

Kale kubusa ndi kumphala

Nzeru imeneyi sidabwere ndi sukulu. Makolo a Chingoni adaidziwa kalekale, ng'ombe zikali zambiri m'makola. Mayi wina wa ku England, dzina lake Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni m'zaka za pakati pa 1935 ndi 1939, ndipo adalemba za kaleredwe ka ana awo m'buku lotchedwa Children of Their Fathers, limene lidatuluka mu 1959. Iye adaona kuti mnyamata akayamba kumera mano a ukulu ankachoka m'nyumba ya amayi ake kapena ya agogo ake, nkukagona kumphala, imene m'Chingoni ankaitcha laweni. Kumeneko womlamulira sanali bambo wake, koma anyamata anzake okulirapo.

Mnyamata wotere sankayamba ndi ng'ombe zikuluzikulu ayi. Ankayamba ndi mbuzi ndi ana a ng'ombe, pafupi ndi mudzi. Atakula pang'ono ankatsata akuluakulu ake kubusa. Kumeneko ankaphunzira kudziwa ng'ombe iliyonse ndi maonekedwe ake, kudziwa dambo la matope kumene ng'ombe ingatitimire, kudziwa mkaka wokama ndi wosiyira mwana wa ng'ombe, ndi kuzindikira madzulo pakhomo la khola kuti imodzi yasowa. Wamkulu ankamtuma kukabweza ng'ombe zolowera kumunda, iye ali chikhalire pa chulu kumuyang'ana. Wamng'onoyo akalakwa ankadzudzulidwa, koma mawa lake ankatumidwanso.

Tsono nthawi ikakwana yakuti wamkulu uja asiye ubusa ndi kukalowa m'gulu la ankhondo, kapena m'zaka za pambuyo pake kupita ku Halale ndi ku Joni kukagwira ntchito, ng'ombe sizinkagona kuthengo. Ndodo ya ubusa inali italowa kale m'manja mwa wina. Kusiyirana kwake sikunachitike tsiku limodzi. Kunachitika pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zingapo.

Phunziro la Chidyaonga

Mbiri ya mafumu a Amaseko iphunzitsa chomwechi. Mfumu Mputa idafera kutali, m'dziko limene lero litchedwa Tanzania, kufupi ndi Songea. Mwana wake Chikuse anali akali wamng'ono, wosatha kutsogolera mtundu. Pamenepo m'bale wake wa Mputa, Chidyaonga, adatenga ndodo, natsogolera anthu pa ulendo wautali wobwerera kummwera, mpaka adakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe, limene lero lili m'dziko la Mozambique, kutsidya kwa malire a Ntcheu ndi Dedza.

Chidyaonga anali ndi mphamvu zonse m'manja mwake, ndipo anali ndi mwana wakewake, Chifisi. Komabe iye adadziwa kuti mpando umene anakhalapo unali wongosungira mwini wake. Atamwalira, ufumu udapita kwa Chikuse. Nzoona kuti mtendere sudakhalitse, pakuti pambuyo pake nyumba ziwirizo zidayambana, ndipo Kachindamoto, wa nyumba ya Chifisi, adamenyana ndi Gomani mwana wa Chikuse, nakakhala ndi anthu ake ku Mtakataka. Chimenechi chisonyeza kuti kusiyirana mpando ndi ntchito yovuta, ngakhale kwa anthu aakulu ndi anzeru.

Koma mzere wa Chikuse sudaduke. Iye adamwalira mu 1891. Gomani woyamba adaphedwa ndi asilikali a Angelezi mu 1896, nasiya mwana wamng'ono. Mwanayo adasungidwa, nakula, nadzakhala Inkosi Philip Gomani, amene adakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, namwalira mu 1954. Ngakhale m'masiku a posachedwa, Gomani wachinayi atamwalira mu 2009, azakhali ndiwo adagwirizira mpando kufikira Gomani wachisanu adalongedwa mu 2012. Pa nthawi zonsezi padapezeka munthu wina wovomera kusunga chinthu chimene sichinali chake, ndi kuchipereka nthawi itakwana.

Mwana wa Sitandade 8 amene atsogolera anzake khumi sali mfumu. Koma mtima umene ufunika kwa iye ndi womwewo: kudziwa kuti wenzulo wam'khosi mwake ndi wobwereka.

Gulu la Masikauti

Mwa magulu onse a ana, limene lidaganizira kwambiri za nkhani imeneyi ndi gulu la Masikauti. Adaliyambitsa ndi msilikali wa ku England, Robert Baden-Powell. Mu 1907 iye adatenga anyamata 20, napita nawo pa chilumba cha Brownsea kukagona m'mahema. Sadawasunge ngati gulu limodzi lalikulu ayi. Adawagawa m'timagulu tinayi, ndipo kagulu kalikonse kanali ndi mtsogoleri wake, amene anali mnyamata mnzawo. Mu 1910 gulu la atsikana nalonso lidayamba, motsogozedwa ndi mlongo wake Agnes.

Kufikira lero dongosolo lake ndi lomwelo. Kagulu kakhala ndi ana asanu ndi mmodzi kufikira asanu ndi atatu. Mmodzi ndiye mtsogoleri, ndipo mtsogoleriyo akhala ndi wachiwiri wake. Atsogoleri a timagulu tonse akhala ndi bwalo lawo, kumene apangana za ntchito ndi kuweruza timilandu, mphunzitsi ali pambali kumvetsera. Wowerenga aone bwino udindo wa wachiwiriyo. Iye sali wongonyamula chikwama cha mtsogoleri. Ali ngati mnyamata uja wotumidwa kukabweza ng'ombe, wamkulu ali pa chulu. Gulu likhala ndi wachiwiri kuti tsiku lotsazikana lisadzapeze anthu ali manja lende.

M'dziko muno Masikauti analipo m'masukulu ambiri pa nthawi ya Nyasaland. Mu 1963 kudabadwa gulu la Malawi Young Pioneers, ndipo m'zaka za chipani chimodzi ntchito za achinyamata zidalowa m'manja mwa gululo, Masikauti nazilala. Apayoniya adatha pamene asilikali a boma adawalanda zida mu Disembala 1993. Masikauti adayambanso mu 1996, ndipo mu 2005 adalandiridwa m'bungwe la Masikauti a dziko lonse lapansi. Gulu likaima zaka zambiri chotero, kuliyambanso kuli ngati kuswa mphanje pa munda umene kale unali wolimidwa. Nchifukwa chake sukulu imene ili ndi gulu lamoyo iyenera kulisamala, kaya ndi la Masikauti, kaya la osamala zachilengedwe, kaya kwaya.

Masukulu awiri

Pa sukulu ina ya kumapiri, kufupi ndi msewu waukulu umene utsata malire a Mozambique, panali mnyamata wa nzeru ndi wa changu. Aphunzitsi onse ankamtama. Gulu lake linali ndi nazale ya mitengo kuseri kwa sukulu, ndipo mbande zake zinali zobiriwira kuposa za masukulu onse oyandikana nawo. Koma mnyamatayo ankachita zonse yekha. Ndiye ankadziwa kumene kunali dothi labwino lothira m'machubu. Ndiye ankasunga kiyi wa nyumba ya zitini zothirira. Maina a othirira tsiku lililonse anali m'mutu mwake, osati m'buku. Mnzake akati athandize, iye ankati, "Leka, uononga. Ndichita ndekha."

Mnyamatayo adalemba mayeso, nakhoza bwino, napita. Sukulu itatsekulidwanso kunali dzuwa la chilimwe. Kiyi adapezeka patapita masabata awiri, m'thumba la malaya amene iye adasiya kwawo. Ana otsalawo ankakankhizana, aliyense nkumati lero si tsiku lake. Pofika Okutobala mbande zonse zinali zitauma, ndipo mvula ya Disembala idagwa popanda mtengo ndi umodzi womwe wobzala. Anthu ankati, "Ha, gulu lija linali la mnyamata uja! Taonani, wangochoka, zonse zatha." Iwo ankayesa kuti akumtama. Koma mawu amenewo, munthu akawalingalira bwino, ndi mawu a chiweruzo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene ayesa kulisenza yekha, tsiku limene achoka denga ligwera anzake.

Pa sukulu ina ya kuchigwa cha Bwanje panali mtsikana amene sankaoneka wa changu chotero. Chaka chake chomaliza chitangoyamba, iye adapempha bwalo la atsogoleri kuti limpatse wachiwiri wochokera mu Sitandade 6. Tsiku lina adachotsa wenzulo m'khosi mwake, naupereka kwa mwanayo, iye nakaima kumbuyo kwa mzere pamodzi ndi ana aang'ono.

Mwanayo adanjenjemera, nati, "Achemwali, ine sindingathe. Anyamata aja ndi aakulu, adzandiseka."

Mtsikana uja adayankha kuti, "Aseka lero, mawa aleka. Iwe liza wenzulo. Ukasokoneza, ine ndili pompano."

Mwanayo adasokonezadi. Adaiwala kuitana maina, ndipo adatuma ana awiri ku ntchito imodzi. Wamkuluyo sadamdzudzule pamaso pa anthu. Adadikira onse atabalalika, ndipo pobwerera kumudzi adamuuza zimene zidalakwika ndi zimene zidayenda bwino. Sabata yotsatira adampatsanso wenzulo. Chaka chisanathe mwana uja anali kutsogolera gulu masiku ambiri, wamkulu ali m'kalasi kukonzekera mayeso.

Mtsikanayo atachoka, anthu sadadandaule kwambiri, pakuti ntchito idapitirira monga kale. Ena adafika poiwala kuti iye adakhalapo. Koma mitengo imene gulu lake lidafesa idabzalidwa pa nthawi yake. Mwa atsogoleri awiriwa, woyamba adasiya mbiri, wachiwiri adasiya gulu.

Kusankha wolowa m'malo

Kodi wolowa m'malo asankhidwe bwanji? Apa ndi pamene magulu ambiri apunthwa. Mtsogoleri wakale afuna kusiyira mng'ono wake kapena bwenzi lake la pamtima. Ana afuna wamkulu thupi, amene amuopa, kapena wanthabwala, amene awaseketsa. Mphunzitsi afuna amene akhala woyamba m'kalasi. Nthawi zina makolo nawonso alowererapo, nati mwana wa amfumu kapena wa mkulu wa mpingo ndiye ayenera.

Zonsezi si miyeso yoona. Miyeso yoona ioneka pa tinthu tating'ono, ndipo aiona ndi munthu amene wayang'anitsitsa chaka chonse, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndani afika msanga tsiku la ntchito, nachoka pomaliza atasonkhanitsa makasu? Ndani aima pa mtsinje nthawi ya dzinja kuolotsa ana a Sitandade 1? Ndani, atathyola mpini wa khasu, abwera yekha kudzanena asanafunsidwe? Ndani angauze mnzake kuti walakwa popanda kumchititsa manyazi? Mwana wotere, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, kaya avala nsapato kaya ayenda chapansi, ndiye woyenera ndodo.

Nkwabwino kuti wosankhidwayo akhale wa Sitandade 6 kapena 7, kuti akhale ndi nthawi yophunzira wakale akalipo, ndi nthawi yophunzitsa wina iye asanachoke. Nkwabwinonso kuti kusankhako kuchitike poyera, m'bwalo la atsogoleri, ana a kagulu atanena maganizo awo. Mphunzitsi ali ndi mphamvu yokana ngati aona choipa chenicheni, koma asafulumire kugwiritsa ntchito mphamvuyo. Mtsogoleri amene ana adzisankhira okha amumvera ngakhale mphunzitsi palibe. Amene angowaikira amumvera pokhapokha mphunzitsi akuyang'ana.

Zinthu zoyenera kusiyirana

Sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lotsazikana lisanafike, wakale ndi watsopano akhale pansi pamodzi, pamaso pa mphunzitsi ndi mboni imodzi ya m'komiti ya sukulu. Pali zinthu zinayi zoyenera kupatsana.

Choyamba ndi katundu. Makasu, zikwanje, zitini zothirira, zingwe, mpira, mbendera ndi makiyi ziwerengedwe chimodzichimodzi, ndi kulembedwa m'buku. Chothyoka chilembedwe kuti nchothyoka, chosowa chilembedwe kuti nchosowa.

Chachiwiri ndi ndalama. Ngakhale zikhale zochepa, zogulitsa masamba a m'dimba la sukulu, ziwerengedwe poyera, ndipo onse awiri alembe maina awo pansi pa chiwerengerocho. Maubwenzi ambiri adatha chifukwa cha ndalama zimene sizidawerengedwe tsiku losiyirana. Kuwerenga sikutanthauza kuti wina akuganiziridwa kuba ayi. Kuteteza dzina la wochoka ndi la wolowa yemwe.

Chachitatu ndi malonjezo. Kapena gulu lidalonjeza kufolera nyumba ya gogo wina wosowa omthandiza mvula isanagwe. Kapena lidabwereka wilibala kwa munthu wa m'mudzi. Lonjezo la gulu silichoka ndi mtsogoleri. Litsala pa gulu, ndipo watsopano ayenera kulidziwa.

Chachinayi ndicho chachikulu, ndipo sichilembedwa m'buku. Ndicho kudziwa anthu. Wakale auze watsopano mwakachetechete kuti mwana uyu ndi wamasiye, asamkakamize kubweretsa ufa. Uyu adwala khunyu, asamtume yekha kumadzi kapena pafupi ndi moto. Uyu achita chibwibwi, asamuimike kutsogolo mwadzidzidzi. Uyu ndi waukali, koma ukampatsa ntchito afatsa. Mawu otere ndi chuma chimene wakale adachipeza movutikira, ndipo nkulakwa kupita nacho. Watsopano naye adziwe kuti zimenezi ndi za m'khutu, si zokalengeza pabwalo.

Tsiku lotsazikana

M'zaka zino ana a Sitandade 8 amaliza sukulu m'nyengo yachisanu, anthu atakolola. Ku Ntcheu nthawi imeneyo mphepo ya m'mapiri iluma, koma m'nkhokwe muli chakudya, ndipo nkosavuta kupeza mbatata, nthochi, mtedza ndi thobwa. Mwambo wabwino uchitika masana, pabwalo la sukulu, pamaso pa makolo, a komiti ndi amfumu a mudzi.

Ana aima mozungulira, kusiya mpata mbali imodzi. Mbendera ikwezedwa. Ochoka aitanidwa mmodzimmodzi ndi maina awo, ndipo pa aliyense panenedwa chinthu chimodzi choona chimene iye adachitira gulu. Apa pafunika kusamala kuti asatamandidwe atsogoleri okha. Mwana amene zaka zinayi adatunga madzi a nazale osadandaula, osapatsidwa udindo uliwonse, naye amve dzina lake likutchulidwa. Ndiponso pakati pa ochokawo pali ena amene sadzasankhidwa kupita ku sekondale. Kwa iwo tsiku limeneli likhoza kukhala lomaliza kuimirira pamaso pa anthu monga ana a sukulu. Achoke akudziwa kuti sukulu idaona ntchito zawo, ngakhale mayeso atadzanena zina.

Pamenepo mtsogoleri wakale abwera pakati atanyamula ndodo ya mbendera ya kagulu. Aitana wolowa m'malo mwake, nampatsa moni ndi dzanja lamanzere monga achitira Masikauti. Mawu ake asachuluke. Akwana kunena kuti, "Mng'ono wanga, ndodo iyi ndidailandira kwa amene adanditsogolera. Lero ndaipereka kwa iwe. Usaigwetse, ndipo nthawi yako ikadzakwana udzaipereke kwa wina." Watsopano ailandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo achimwene, ndalandira. Mukamva kuti ndasokera, musaleke kundilangiza." Wakale asaisiye ndodoyo kufikira ataona kuti mnzake waigwiritsa. Ana aang'ono amene akuonerera sadzakumbukira zolankhula za akuluakulu, koma adzakumbukira manja anayi atagwira ndodo imodzi.

Zitatha izi amfumu kapena mmodzi wa makolo apereka malangizo, ndipo anyamata avina ngoma, zishango ndi zibonga zili m'manja, atsikana akuomba m'manja ndi kuyimba. Mphatso zikhale zazing'ono: kope, pensulo, sopo. Gulu lisalowe m'ngongole chifukwa cha phwando la tsiku limodzi, ndipo mwana wosowa chopereka asatsekeredwe kunja. Mowa usapezeke pamalopo. Zonse zithe dzuwa likali m'mwamba, kuti ana a kutali akafike kwawo kusanade.

Kudziwa kuchoka

Ntchito yomaliza ya mtsogoleri wakale ndiyo kuchokadi. Ena apereka ndodo ndi manja, koma mtima ukali chigwirire. Akabwera pa tchuthi aima pambali pa bwalo ndi kumati, "M'nthawi yathu sizinkatero." Ana ayamba kuyang'ana kwa iye m'malo moyang'ana kwa mtsogoleri wawo, ndipo gulu ligawanika. Mbusa aliyense adziwa kuti nkhunzi ziwiri sizikhala mwamtendere m'khola limodzi. Wakale akabwera, abwere ngati mlendo. Akaona cholakwika, aitanire watsopanoyo pambali. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Baden-Powell mwini wake adadziwa kuchoka. Zaka zingapo asanamwalire adasankhiratu wachiwiri wake, Lord Somers, amene adadzalowa m'malo mwake. Mu 1937, ali ndi zaka 80, adatsazika Masikauti pa msonkhano wawo waukulu ku Netherlands. Pambuyo pake adakakhala ku Nyeri m'dziko la Kenya, kumene adamwalira mu 1941. Pa mwala wa manda ake pali chizindikiro chimene Masikauti ajambula pansi akamaliza ulendo: mzere wozungulira wokhala ndi kadontho pakati. Tanthauzo lake ndi lakuti mwini wake wapita kwawo. Gulu lake silidafe naye. Lero lili m'maiko ambiri a dziko lapansi.

Watsopano naye ali ndi mbali yake. Asayambe ndi kugwetsa zonse zimene wakale adamanga pofuna kuonetsa kuti iye ndiye wanzeru. Ayambe wayenda m'njira imene waipeza, ndipo akaidziwa bwino ndi pamene angaone pofunika kuongola. Koposa zonse, sabata yoyamba yomweyo ayambe kuyang'ana pakati pa ana aang'ono, kufuna amene adzalandire ndodo kwa iye.

Mawu kwa makolo

Kapena bambo kapena mayi amene akuwerenga nkhani ino anena mumtima kuti, "Izi ndi za ana a sukulu, ine sizindikhudza." Koma taganizani za mijigo imene idaima m'midzi chifukwa munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa kuikonza, ndipo adasamuka. Taganizani za magulu osungitsa ndalama amene adapasuka chifukwa msungichuma sadaonetse buku kwa wina aliyense. Taganizani za abale amene akuzengana milandu kwa amfumu chifukwa mkulu wa banja adamwalira asanayende ndi ana ake kuwaonetsa malire a munda. Matenda ake ndi amodzimodzi ndi a mnyamata wa nazale uja.

Tsono kholo likamva kuti mwana wake wasankhidwa kukhala wachiwiri wa kagulu, lisanene kuti akutaya nthawi. Limlole kupita ku ntchito za gulu, ndipo madzulo limfunse zimene waphunzira. Likaitanidwa ku mwambo wotsazikana, lisiye khasu tsiku limenelo ndi kupita. Ndipo amene aphunzira kuwerenga atakula ali ndi mwayi wina: akhoza kukhala mboni pa tsiku lowerenga katundu, kutsegula buku la gulu, ndi kuona ndi maso awo ngati zolembedwazo zigwirizana ndi makasu amene ali pansi.

M'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira ali ndi zaka 14 kulandira udindo ndi manja awiri, kuusunga mokhulupirika, ndi kuupereka mokondwa nthawi itakwana, sadzavuta anthu akadzakhala mkulu wa mpingo, wapampando wa komiti, nyakwawa kapena phungu. Dziko lisowa anthu otere, ndipo sapezeka mwangozi. Aphunzira zimenezi akali aang'ono, kubusa, kumphala ndi pabwalo la sukulu, pamene wamkulu atambasula dzanja ndi kupereka ndodo kwa mng'ono wake.